Khomo Lopanda Chingwe

Pa esiteti ina ya fodya kuseri kwa Nsaru, m'zaka zimene makuponi a feteleza ankangoyamba kumene, khomo la Ezeliya Chikoti silinkasowa. Munkangoyenda mumzere wa nyumba za matenanti n'kumayang'ana: paliponse pali chingwe choyanikapo zovala, kupatula khomo limodzi. Ezeliya zovala ankayanika pa udzu, nkhuni ankamanga ndi chitenje chakutha, ndipo madzi ankakatunga ku mjigo wakutali kusiya chitsime chapafupi, chifukwa ndowa ya pachitsimepo inali ya chingwe. Mbuzi yake inali mfulu kuposa anthu onse pa esitetipo, moti milandu ya nkhwani wa eni ake sinkatha pakhomo pake.

"Mkazi wa tenanti wosasoka fodya munamuona kuti?" ankatero amayi anzake, osatsitsa n'komwe mawu. Sankanama. Singano ndi twaini zinali za mwamuna wake Simeon, munthu wofatsa ngati madzi a mumtsuko, amene ankakhala pakati pa azimayi n'kumasoka masamba, akumuseka, iye osayankha. M'chigafa, mmene amapachika fodya kuti aume, Ezeliya sankapondamo. Ankatula masamba panja n'kubwerera kumunda.

Kumundako ndiye mnyozo unkathera. Fodya wa bale amathyoledwa kuyambira pansi, ndipo tsamba silithyoledwa chifukwa choti wothyola wafika, limathyoledwa likapsa. Ezeliya ankaliona akadali patali: kubiriwira kukayamba kuzirala, msempha wapakati ukayera, tsamba likagwetsa mapewa. Lotero limachoka lokha ukangolikhudza. Losapsa limakana, limang'ambika, ndipo likauma limakhalabe lobiriwira, la kudzala. Ngakhale kapitawo, munthu amene sankayamika mnzake ndi pamaliro pomwe, ankati mizere ya akazi a Chikoti safunika kubwerezamo.

Nkhani ya zingweyo ankaidziwa ndi Simeon yekha. Ezeliya anabadwira ku Phalombe, koma kumeneko amangokumva. Makolo ake anakwera lole ya matenanti iye ali kumsana, ndipo anakulira m'maesiteti a ku Kasungu ndi ku Mchinji, chaka chino apa, chamawa apo. Bambo ake, a Nasoni, anali munthu wanthabwala, woimba akamalima. Chaka china mvula inanyanya, fodya anawolera m'chigafa, wotsala anabwezedwa ku okushoni, ndipo nyimbo zinatha. M'mawa wina mayi ake anamutuma, ali mtsikana wongophuka kumene, kukaitana bambo ake kuti adzamwe phala. Anawapeza m'chigafa, pakati pa mikangala yopachikapo fodya, mapazi osagunda pansi.

Chigafacho anachitentha tsiku lomwelo, chingwe ndi fodya yemwe. Kumaliro kwaya sinabwere. Pochokera kumanda, azakhali ake anamugwira pamkono n'kumunong'oneza kuti, "Zimenezi zimayenda m'magazi, mwanawe. Zimagona, zimadikira wozidzutsa. Udzasamale ana ako." Akuluakulu ena amataya mawu ngati madzi otsukira mbale, osadziwa kuti pali mwana amene awawole n'kuwasunga moyo wake wonse. Ezeliya anawasunga.

Pabanja anakhala zaka zingapo osaona mwana, ndipo atabwera anamutcha Yankho. Kanali kamtsikana kothamanga magazi, koseka ndi mano onse. Chimodzi chokha chinkakasowetsa mtendere. Anzake akamasewera fishifishi, awiri akupukusa chingwe wina akulumpha, iye ankaima patali manja kumbuyo, chifukwa amayi ake anali atanena kamodzi, ndipo Ezeliya sankanena kawiri. Tsiku lina anamupezerera kuseri kwa nyumba akulumpha yekha chingwe chosaoneka, akudziimbira chapansipansi. Ezeliya anabwerera mwakachetechete, mtima ukumupweteka, koma lamulo sanalisinthe.

Chaka chimene Yankho anali mu Sitandade 2, fodya atangoyamba kupsa, tsaya lake lakumanzere linatupa. Onse anati ndi dzino. Anamuchukuchitsa madzi a mchere, anamuthowa ndi kansalu kofunda, koma chotupacho chinkakula ngati dzungu la pachulu, lero china mawa china. Mano anayamba kugwedera, diso linakankhidwira m'mwamba, pakamwa panasiya kutsekeka. Phala litayamba kubwerera, Simeon anapempha tsiku kwa kapitawo, anakweza mkazi ndi mwana panjinga, ulendo ku chipatala cha mishoni cha ku Namitete. Iye anabwerera tsiku lomwelo, pakuti fodya wakupsa sadikira matenda a munthu.

Kuchipatalako anatenga timadzi ta m'chotupamo ndi singano n'kutumiza mumzinda. Zotsatira zitabwera, Ezeliya anaitanidwa m'kachipinda ka a Kizito. A Kizito anali dokotala wachinyamata, wamtali, wa mtima wabwino ndi pakamwa posagwira dzimbiri. Ankakonda ntchito yawo mopitirira, moti akayamba kufotokoza za m'thupi la munthu nkhope inkawala ngati akunena za chibwenzi.

"Mayi a Yankho, si dzino ayi," anatero. "Ndi khansa, ya mtundu umene umakonda ana, ndipo imathamanga kwambiri. Ubwino wake, imamva mankhwala. Thupi lathuli linamangidwa ndi tizidutswa tamoyo tosaoneka ndi maso, timati maselo. A m'chotupachi akungoswana osaleka. Tsono mankhwala athuwa, mukudziwa chimene amachita?" Anamwetulira. "Sachita kuwapha ayi. Amangowakumbutsa, kenako maselowo amadzipha okha."

"Amatani, adokotala?"

"Amadzipha okha. Nzeru yodziphayo ili kale m'thupi mwa mwanayu, inangogona. Ife timangoidzutsa."

Mawu a azakhali aja anabwerera m'makutu mwa Ezeliya. Zimagona, zimadikira wozidzutsa. Zaka zonsezi ankaganiza kuti wozidzutsayo adzabwera ngati mfiti kapena ngati chaka cha mvula yoipa. Sanaganizepo kuti adzabwera atavala koti yoyera, akumwetulira.

"Zikomo, adokotala," anatero, maso ali pansi.

Atabwerera kuwodi anapeza namwino, a Dorothy, akukankhira chitsulo chachitali pabedi la Yankho. Pamwamba pake anapachikapo botolo la madzi, ndipo kuchokera m'botolomo kunatsika kachingwe koyera, kakulendewera pamwamba pa mwana wake. Ezeliya sanadikire kuona zambiri. Anati mwana akufuna kuchimbudzi. Anamubereka, anadutsa chimbudzicho osacheuka, anadutsa kukhitchini kwa odikirira odwala, anatuluka pageti. Beseni, bulangete ndi ufa anazisiya pansi pa bedi.

Dzuwa linali paliwombo pamene anafika pasiteji ya pamsewu wa ku Mchinji. Yankho sanalinso mwana wobereka, miyendo inkalendewera mpaka m'mawondo mwa amayi ake, ndipo Ezeliya ankangoipinda n'kuilowetsa m'chitenje. Anakhala pansi pa mtengo wa mango, kuseri kuli munda wa fodya wa munthu wina. Mwanayo ankapuma mokoka, ngati wogona amene akuliza mkonono, chonsecho ali maso. Ezeliya anapempha madzi kwa mayi wogulitsa zitumbuwa n'kumupatsa. Madziwo analowa pakamwa n'kutuluka pomwepo, kutsikira pachifuwa.

Minibasi sinabwere. Chimene chinabwera ndi njinga yakapalasa yopanda mabuleki, a Kizito ali pamwamba, koti ikuuluka, thukuta lili kamukamu. Anaimitsa ndi nsapato, anaitsamiritsa pamtengo, n'kukhala pansi pafumbi pomwepo, patali pang'ono, monga achitira munthu amene safuna kuthawitsa nkhuku.

"Sindinabwere kudzakukalipirani," anatero atapeza mpweya. "Ndangofuna kumva. Talakwa chiyani, mayi?"

"Palibe, adokotala."

"Munthu sathawa palibe atasiya ufa."

Mawu a Ezeliya anatuluka okha, olimba, osanjenjemera. "Mwana wanga simumudzutsira zimenezo. Kuli bwino akafere m'manja mwanga ndi matenda a Mulungu, kwaya idzaimbe."

Ndipo anawauza. Anawauza za chigafa, za phala limene linazizira, za mawu a azakhali. Chiyambire, nkhaniyi anali asanaiuzepo munthu wina kupatula Simeon, ndipo naye anamuuza atatembenukira kukhoma.

A Kizito anagwira pakamwa.

"Pakamwa panga pandilakwitsa," anatero pomaliza. "Mawu amenewo ndinawatola m'mabuku, sindinawayeze kulemera. Pepani, mayi. Mundilole ndinenenso, pang'onopang'ono. Mukamva n'kukana, njinga iyi ndikuperekezani nayo ndekha."

Ezeliya sanavomere, koma sanadzuke. A Kizito anasendera, anatenga dzanja la Yankho n'kutambasula zala.

"Mwanayu ali m'mimba mwanu, dzanja ili linali lophatikizana ngati phazi la bakha. Maselo a pakati pa zalapa anafa mwadongosolo, pa nthawi yake, ndiye mipata iyi. Akanakana, bwenzi lero sagwira pensulo. Ndipo sizinathere pamenepo. Mmene tikukhalira pano, m'thupi mwanu ndi mwanga maselo okalamba ndi owonongeka akuchoka chomwecho, osawerengeka, ena akulowa m'malo."

"Akuwapha ndani?"

"M'selo lililonse muli ulusi wautali wolembedwa malangizo onse a selolo. Ulusiwo uli ndi mlonda wake, kapuloteni kena kamene m'mabuku sanakapatse n'komwe dzina, anangokapatsa nambala. Ulusi ukaduka, mlondayo amaimitsa ntchito kuti ulumikizidwe. Akaona kuti wawonongeka kosakonzeka, ndipo selolo likaswana libereka zoipa, amatumiza uthenga ku tizigawo tina timene timapangira selo mphamvu, tinene kuti mafuwa ake. Zikopa za tizigawoto zimabooka, ndipo kanthu kamene kamayenera kukhala m'kati kamatayikira kunja. Kakatayika, kamasonkhanitsa mapuloteni ena, ndipo onse pamodzi amasolola timipeni timene selo limabadwa nato tili m'chimake. Timeneto timati makaspesi. Woyamba akasololedwa amasolola anzake, anzakewo anzawo. Akafika pamenepo, kubwerera kulibe."

"Mipeni," anatero Ezeliya, akukokera mwana pachifuwa.

"Mipeni, inde. Koma sidula chisawawa. Imagwetsa mizati ya selo, imadula ulusi uja m'zidutswa, selo limafota n'kudzilongedza m'timitolo. Pakhungu pake limatulutsa chizindikiro choitana anzake kuti adzatole, ndipo amatola zonse, zina n'kuzigwiritsanso ntchito. Palibe kuphulika, palibe mafinya. Selo lophedwa ndi moto kapena chikwanje ndiye limaphulika, n'kusiya bala."

Ezeliya anali atatembenukira kumunda uja. Mwini wake anali waulesi, masamba apansi anali atapsa kalekale, osathyoledwa.

"Ngati tsamba la pansi," anatero, osati kwa iwo kwenikweni.

"Limatani tsamba la pansi? Ine fodya sindinalimepo, bambo anga anali akatekisiti."

"Limachita chikasu lokha, mvula ilipo, feteleza alipo. Chakudya chake chimakwera kwa anzake a pamwamba. Likamaliza limamasuka pamtengo."

"N'zapachibale zimenezo. Tsono a m'tsaya mwa Yankho ndi masamba okana kupsa. Akuswana mothamanga, mlonda wawo anamutseka pakamwa. Mankhwala amapita kukadula ulusi wa maselo othamangawo, kuudula kwambiri, mpaka mlonda sangathenso kukhala chete."

Ezeliya anawayang'ana m'maso koyamba. Funso lenileni linali lisanafunsidwe.

"Nanga ikadzuka nzeruyo, idzagonanso? Sidzakwera kumutu? Mwana wangayu akadzakula, chaka chikadzamuipira..."

"Ayi, mayi. Selo siliganiza, silidandaula, silichita manyazi ndi fodya wobwezedwa. Chimene chinagwira bambo anu chinali chisoni cholemera, nthenda ya maganizo, ndipo mankhwala awa sakhudzana nayo. Chofanana ndi liwu lokha, ndipo liwulo ndinasankha ndine, molakwa." Anapukuta thukuta. "Koma sindikunamizani, choopsa chilipo, china. Chotupachi n'chachikulu. Maselo ake akafa ambiri nthawi imodzi, otola aja amalephera, zinyalala zimadzaza m'magazi n'kukatseka impso. N'chifukwa chake timayamba ndi madzi a m'botolo aja. Mwanayu ayenera kumwa, ayenera kukodza, osaleka. Ana ena timawataya pamenepo. Koma mukapita naye kunyumba, fodya wa chaka chino apita ku okushoni iye kulibe."

Nthawi yomweyo minibasi inatulukira, kondakitala ali pawindo theka la thupi. "Msundwe, Lilongwe! Tiyeni mayi, malo alipo, mwanayo timunyamula!"

Ezeliya anaimirira. Musaganize kuti mawu a a Kizito anali atamutsuka mtima. Mawu a azakhali anali ndi zaka zambiri m'mutu mwake, a a Kizito anali a lero lomwe, ndipo mlendo sathamangitsa mwini nyumba tsiku limodzi. Anafika mpaka pachitseko, kondakitala atagwira kale mkono wa mwana. Pamenepo Yankho anayankhula, mawu akutuluka mopotoka m'kamwa mosatsekekamo.

"Amayi, madzi akukana kulowa. Ndili ndi ludzu."

Kunyumba kunali mjigo, kunali chitsime, kunali mvula, koma kunalibe njira ina yolowetsera madzi mwa mwana ameneyu. Njira inali imodzi, ndipo inali kachingwe koyera kaja.

"Pitani," anauza kondakitala. Kondakitalayo anatukwana pang'ono monga mwa ntchito yake, minibasi n'kunyamuka.

Kuwodi, a Dorothy sananene kanthu za kuthawako, anangosolola beseni pansi pa bedi n'kuliika poonekera. Singano italowa pamkono, Yankho anaphiriphitha, kachingwe kaja n'kuyamba kugwedezeka uku ndi uku.

"Gwirani apa, mayi, kangazuke!" anatero a Dorothy.

Ezeliya anagwira. Kanali kozizira, koterera, kopepuka ngati udzu. Anakhala chigwirire mpaka mwana anagona.

Mawa lake anathira mankhwala aja m'kachingwe momwemo. Yankho anasanza, analira, anagona, anasanzanso. A Dorothy anapatsa Ezeliya beseni laling'ono lachitsulo n'kumuuza kuti chilichonse chimene mwana atulutse asataye asanawaonetse. Tsiku loyamba beseni linagwira ntchito. Ezeliya ankalinyamula ndi manja awiri kupita nalo kwa anamwino ngati chopereka cha pa Misa.

M'mawa wotsatira, amayi anzake odikirira odwala anazungulira bedi. Chotupa chimene dzulo chinali gwa ngati mwala chinali chitayamba kufewa, khungu litachita makwinya, diso litatsikako.

"Taonani zodabwitsa! Mwana wachira uyu, mayi a Yankho, sekani!"

Ezeliya sanaseke. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Iye ankadziwa chimene kufewako kunkatanthauza: mipeni ija inali pantchito, m'maselo osawerengeka nthawi imodzi, ndipo zonse zimene inkadula zinkatsikira ku impso za kamwana kamene kanali kasanakodze chidzukire. Beseni linali gwa, louma.

Dzuwa linakwera. Ankamumwetsa ndi supuni, kudontheza m'mbali mwa tsaya labwino, ndipo tsopano madzi ankalowa. Ankalowa, koma osatuluka. Ankamukhazika pabeseni, kudikira, kumugonekanso. A Kizito anabwera, anasindikiza chala pamwendo wa mwanayo, ndipo pamene anachotsa chalacho panatsala kadzenje. Anamvetsera pachifuwa nthawi yaitali. Anachepetsa madontho a m'botolo, anauza a Dorothy kuti abaye jakisoni wothandiza impso, ndipo anatuluka osafotokoza kanthu. Kusafotokoza kwa munthu wokonda kufotokozayo ndi kumene kunamuopsa Ezeliya kuposa zonse.

Masana Simeon anafika panjinga, manja akuda ndi phula la fodya, atanyamula chimanga chachiwisi chimene panalibe woti adye. Anaima kuphazi kwa bedi, chipewa chili m'manja.

"Zikuyenda bwanji, mayi a Yankho?"

"Sakukodza."

Simeon anayang'ana nkhope ya mwana imene inkabwerera mwakale, anayang'ana beseni, osamvetsa kuti chabwino ndi choopsa zingakhale pabedi limodzi. Ezeliya analibe mphamvu zomufotokozera. M'mutu mwake munali mawu amodzi okha: ndinavomera ndine. Ndinali pachitseko cha minibasi, ndinabwerera ndine.

Anayesa zonse zimene amayi amadziwa. Anathira madzi kuchoka m'kapu kupita m'kapu ina pafupi ndi khutu la mwana. Analiza kamluzu kamene ankamulizira ali khanda. Anamusisita pamchombo ndi kansalu kofunda. Yankho ankangoyang'ana kudenga, zikope zitatupa, atatopa ndi kukhazikidwa ndi kugonekedwa.

"Ndatopa, amayi. Ndisiyeni ndigone."

"Usagone. Imwa kaye."

"Sindikufuna."

Anatseka pakamwa, pakamwa pamene masiku onsewa pankakana kutsekeka. Supuni inaima m'malere. Ezeliya anayang'ana m'wodimo ngati wofuna chogwira, koma munalibe. Analibe switi, analibe diresi latsopano, analibe chilichonse chimene mwanayu anachilirirapo, kupatula chimodzi. Anawerama mpaka milomo inakhudza khutu lake.

"Yankho. Ukamwa, ukakodza, ndikupotera chingwe cha fishifishi."

Simeon anagwetsa chipewa. Diso labwino la mwanayo linatembenuka pang'onopang'ono.

"Chenicheni?"

"Chenicheni. Cha khonje."

"Mundinamiza."

"Ndinakunamizapo liti?"

Yankho anaganiza, anapeza kuti n'zoona, anatsegula pakamwa. Impso sizimva malonjezo, zimenezo ngakhale Ezeliya ankadziwa. Jakisoni ndi madzi a m'botolo ndiye zinali pantchito m'katimo. Koma mwana amene amafuna kugona anakhala tsonga, anamwa supuni ndi supuni, ndipo anavomera kukhalanso pabeseni, atakoleka manja m'khosi mwa amayi ake.

Anakhala choncho. Mthunzi wa windo unasuntha kuchoka pabedi kufika pakhoma. M'wodi monse munali zii, amayi ena atasiya nkhani zawo, a Dorothy ataima pakhomo ndi thireyi m'manja. Miyendo ya Ezeliya inachita dzanzi pogwada pasimenti, koma sanasunthe. Ankamva mtima wa mwana ukugunda pachifuwa pake, wothamanga, wopepuka.

Kenako pansi pa beseni panamveka kadontho. Kena. Kenako mkokomo wautali pachitsulo, wosalekeza.

Ezeliya Chikoti, mayi amene anthu a pa esiteti anali asanamumvepo akukweza mawu, analiza nthungululu imene inamveka mpaka kuwodi ya abambo. Amayi ena anailandira osafunsa. A Kizito anabwera akuthamanga poganiza kuti ndi maliro, anasuzumira m'beseni, ndipo pakamwa pawo panatseguka ngati mpopi. Anayamba kufotokoza za impso kwa Simeon, kwa a Dorothy, kwa agogo ena a pabedi loyandikana amene anali ogontha. Panalibe amene ankamvetsera, ndipo iwo sanadandaule.

Ulendo sunathere pamenepo. Panali maulendo ena obwerera kukalandira mankhwala, pakati pa ntchito yothyola, kapitawo akung'ung'udza, anthu akuti mwana wachira kale mukumuvutitsiranji. Ezeliya sanadumphe ndi umodzi womwe. Tsitsi la Yankho linathothoka lonse, mano awiri anapita osabwerera, koma tsaya linaphwa.

Fodya atatha m'munda, Ezeliya anapita kumalire a esiteti n'kudula makhonje. Anawapala, anayanika luzi pa udzu, ndipo tsiku lina masana anakhala pakhonde n'kuyamba kupota pantchafu. Amayi a mumzere uja anatuluka m'nyumba mmodzimmodzi kudzaonerera. Luzi linkamupulumuka, ndipo chingwe chikamatalika pamiyendo pake nkhope ya a Nasoni inkabwera. Nthawi ino sanaithamangitse. Zaka zonsezi ankawaopa ngati munthu amene anasiya poizoni m'magazi a ana ake. Tsopano ankangoona tsamba limene linang'ambidwa lisanapse, chaka cha mvula yoipa, popanda woligwiriziza. Analira, akupotabe, ndipo anazindikira kuti chimwalirireni bambo ake anali asanawalirepo.

Mantha sanathe onse, tisanamizane. Mpaka lero Ezeliya salowa m'chigafa, ndipo mbuzi za pakhomo pake zikudyabe nkhwani wa eni ake. Chingwe chija sanalole kuchimangirira pamtengo. Anati nsonga zonse ziwiri zizikhala m'manja mwa anthu.

Simeon anagwira uko, iye anagwira uku. Ana a mumzere wonse anasonkhana n'kuyamba nyimbo. Yankho analowa pakati, kamutu kali mbee, kakuseka ndi mpata wa mano awiri, ndipo chingwe chinazungulira. Anthu onse ankayang'ana nkhope ya mwanayo. Ezeliya ankayang'ana mapazi. Ankanyamuka, mtima wake n'kuima, kenako ankagunda pansi, fumbi n'kubuka. Ankanyamukanso, n'kugundanso pansi.

"Limbikani, amayi, mukuchedwetsa!" anakuwa Yankho.

Ezeliya anapukuta m'maso ndi phewa, n'kupukusa mwamphamvu.